Mafayilo a RAW amenewo musawafufute

Achimwene, mwafunsa za mafayilo a RAW, a zithunzi zimene kamera sinamalize kukonza, amene akukana kutseguka pa kompyuta yanuwo. Mafayilowo sanawonongeke, ndipo chonde musapereke memory card imeneyo kwa munthu aliyense musanawakopere pamalo awiri osiyana. Ndikulemba mtima ukundiwawabe, chifukwa ine zithunzi za ukwati wathunthu zinanditayikira m'njira yomweyi.

Ndinabwereka Canon EOS M50, imene imasunga RAW mu mtundu wa fayilo wotchedwa CR3, ndipo ndinajambula ukwati wa mwana wa azakhali anga kuyambira kutchalitchi mpaka pa perekaniperekani. M'mawa mwake ndinatengera khadi ku situdiyo ina m'tauni kuti akanditsukire zithunzi. Mnyamata amene ndinamupeza analowetsa khadi mu kompyuta, pulogalamu yake yokonzera zithunzi, Photoshop yakale ya CS6, inakana kutsegula mafayilowo, ndipo iye, mosaganiza n'komwe, ananena kuti khadi lili ndi vayirasi. Ndinatuluka panja kukayankha foni ya mkwati, amene ankafunsa kuti zithunzi zituluka liti, ndipo pobwerera ndinapeza wachita format khadi lija, kutanthauza kufufuta zonse zimene zinalimo, n'kuikamonso mafayilo ake ambirimbiri kuti aone ngati layamba kugwira ntchito. Anandipatsa akumwetulira, ati wandikonzera. Pulogalamu yobwezeretsa mafayilo inapulumutsa zithunzi zochepa chabe, ndipo cha agogo athu atagwira dzanja la mkwatibwi pakhomo la tchalitchi sichinabwerere. Agogowo anatisiya chaka chomwecho. Mpaka lero azakhali saitchula nkhaniyi ndikakhalapo, ndipo mnyamata wa ku situdiyo uja sanapepese n'kamodzi komwe, anangoti ndikanamuuza. Ndikanamuuza chiyani munthu amene amalandira ndalama tsiku lililonse pa ntchito ya zithunzi?

Vuto linali lakuti CR3 inabwera mu 2018, pamene CS6 inasiya kulandira makamera atsopano mu 2015. RAW si chithunzi chomalizidwa, koma ndi zonse zimene sensa, kachipangizo kolandira kuwala mu kamera, yalandira kamera isanaziphike. JPEG imasunga milingo 256 ya kuwala pa mtundu uliwonse, pamene RAW ya 14-bit imasunga 16,384, n'chifukwa chake mungathe kubwezeretsa nsalu ya diresi loyera limene lawalitsitsa padzuwa la masana, kuwalitsa nkhope zimene zada muholo, ndiponso kusintha white balance, kuti zoyera zioneke zoyeradi, popanda kuwononga khungu la anthu. Chimene mumaona pa sikirini ya kamera ndi JPEG yaing'ono yobisika m'fayilomo, choncho musadabwe chithunzi chikaoneka chofwifwa mukachitsegula mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya Lightroom.

Ngati kamera yanu ndi Canon, tengani pulogalamu ya Digital Photo Professional kuti mutsegule mafayilowo. Ngati ndi Nikon, imene mafayilo ake a RAW amatchedwa NEF, tengani NX Studio. Zonsezi ndi zaulere, monganso darktable, ndipo Adobe DNG Converter, yaulerenso, imasandutsa mafayilo atsopano kukhala DNG, mtundu wina wa RAW umene Photoshop yakale imatsegula. Mukamaliza kukonza, tulutsani JPEG, ndipo ku situdiyo muzipita ndi JPEG yokhayo pa flash, khadi lizitsala kunyumba.

Komabe ndinene zoona, pa maukwati ambiri amene ndajambula kuchokera nthawi imeneyo, makasitomala ndimawapatsa JPEG yochokera mu kamera, ndipo palibe amene anadandaulapo, chifukwa RAW imadzaza khadi msanga ndipo imadya masiku pokonza. Ikani kamera pa RAW+JPEG kuti izisunga zonse ziwiri, ndipo RAW muziitsegula pa zithunzi zokhazo zimene kuwala kwakuvutani.