Chinkhupule chikathothoka maluwa, musafulumire kuchizula

Amayi, mwanena kuti chinkhupule chanu chayanga bwino koma maluwa akungogwa osabala kanthu, ndiye mukuganiza zochizula. Chonde chisiyeni kaye.

Chinkhupule ndi cha mtundu umodzi ndi maungu ndi nkhaka: pa tsinde limodzi pamatuluka maluwa aamuna ndi aakazi. Aamuna ndiwo amayamba, amabwera ambiri pamodzi, amamasula tsiku limodzi n'kugwa, ndipo palibe chalakwika pamenepo. Duwa lalikazi limakhala lokhalokha, kunsi kwake kuli kachipatso kotalika ngati kankhaka. Kayang'aneni bwino m'mawa. Ngati aakaziwo alipo koma tizipatso tikufota, ndiye kuti njuchi sizikufika. Thyolani duwa lalimuna, muchotse masamba ake achikasu aja, mukhudzitse mungu wake pakati pa duwa lalikazi dzuwa lisanatenthe. Ngati aakazi sakuoneka n'komwe, mwina mwachulutsa feteleza wa nayitrojeni, amene amakometsa masamba m'malo mwa zipatso. Lekani kuthira, muzingothirira madzi patsinde.

Chimene ndingakuumirizeni ndi thandala. Tsinde limatha kutalika mpaka mamita 9, ndipo zipatso zosaphwa zimalemera kwambiri. Timitengo tofewa tidzagwa nazo. Ikani mitengo yolimba ndi waya kuti zipatso zilendewere, zikule zowongoka. Zogona pansi zimapindika, zina zimawola.

Pamafunikanso kudekha, chifukwa kuchokera pobzala mpaka chipatso kukhwimiratu pamapita masiku 150 mpaka 200 a nyengo yofunda. Ambiri amathyola chikadali chobiriwira, n'kupeza mkati muli ulusi wofewa wosatha kutsukira ngakhale kapu. Dikirani khungu lisanduke lachikasu kenaka lofiirira, chipatso chipepuke, nthanga zizilira mukachigwedeza. Pamenepo dulani kunsonga, mukhutule nthanga (zakuda zonenepa musunge, ndi mbewu), muviike m'madzi pang'ono, khungu lisendeka mosavuta. Tsukani mpaka utomoni wonse uchoke, muyanike padzuwa.

Chimodzi chachikulu mutha kuchidula patatu: chosambira, chotsukira mbale, china cha miphika. Mukagwiritsa ntchito muzichikoleka pouma, apo ayi chimachita chuku. Zipatso zanthete zosapitirira masentimita 15 zimaphikidwa ngati ndiwo, koma chilichonse chowawa musadye, tayani.