Kuchotsa thumba la ndulu kudzera m'timabowo

Wowerenga wina watilembera imelo kuti amayi ake apezeka ndi timiyala m'thumba la ndulu, ndipo adokotala akufuna kulichotsa kudzera m'timabowo, osang'amba pamimba. Iye anamva kuti opaleshoniyi imavulaza njira ya ndulu, ndiye akufunsa ngati ndi zoona.

Zomwe munamvazo sizinachoke m'mutu mwa munthu. Dokotala Erich Mühe wa ku Germany anachita opaleshoniyi koyamba mu 1985, dokotala Philippe Mouret wa mumzinda wa Lyon ku France mu 1987, ndipo itafala chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, odwala odulidwa njira yaikulu ya ndulu anachulukadi kuposa kale.

Dokotala amapopera mpweya wa carbon dioxide m'mimba, pa mphamvu ya 12 mpaka 15 mmHg (muyeso wa mphamvu yomwe mpweya ukukankhira), kuti mukhale malo. Kawirikawiri timabowo timakhala tinayi, ta mamilimita 5 mpaka 10, kamera n'kulowera pamchombo. Zofunika kudula ndi ziwiri zokha: kanjira kotuluka m'thumbalo ndi kamtsempha kake ka magazi.

Vuto limayambira pa kukoka. Thumba likakokedwa molunjika m'mwamba, kanjira kake kamawongoka n'kuima mzere umodzi ndi njira yaikulu yochokera kuchiwindi, ndipo pa sikirini ziwirizi zimaoneka ngati chimodzi. Dokotala amadula ali ndi chikhulupiriro chonse kuti wagwira choyenera. Dzanja silinanjenjemere ayi, maso ndiwo anamunamiza.

Mu 1995 dokotala wa opaleshoni Steven Strasberg anafotokoza lamulo lomwe likuphunzitsidwa mpaka pano: osapana kapena kudula chilichonse kufikira mafuta ndi timinofu tapakhosi pa thumba tachotsedwa, gawo limodzi mwa atatu la kumunsi kwa thumba lasendedwa kuchiwindi, ndipo zikuoneka bwinobwino kuti zolowa m'thumba ndi ziwiri basi. Khosilo amalikokera cham'mbali kuti njira ziwiri zija zipatukane. Akatero ndiye amaika timakilipu, tiwiri mbali yotsala m'thupi, kamodzi mbali yochotsedwa, n'kudula pakati.

Pakakhala potupa kwambiri kapena pomatirirana, dokotala wanzeru sakakamira. Amajambula njirazo atathiramo mankhwala oonekera pa X-ray, kapena amachotsa gawo lokha la thumba, mwinanso kung'amba pamimba monga kale. Ena amayesa kung'ambako ndi kulephera, ife timati ndi luso.

Amayi akatuluka, muziwayang'anitsitsa. Maso achikasu, kutentha thupi, kusanza, kapena mimba yopwetekabe ndi kufufuma pakatha masiku awiri kapena atatu zingasonyeze kuti ndulu ikuchucha kapena njira yatsekeka. Bwererani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.