Kupezera ndalama sukulu ya kumudzi muli ku Portsmouth

Achemwali, poti muli ku Portsmouth ndipo cholinga ndi kukonzetsa denga la sukulu ya kwanu, lembetsani mpikisano wothamanga wa Great South Run. Umachitika mu Okutobala ku Southsea, dera la ku Portsmouth komweko, m'mbali mwa nyanja, mtunda wake mamailosi 10. Tsegulani tsamba pa JustGiving, webusaiti yosonkhetsera ndalama, kuti anthu azisonkha pokuthandizani pa mpikisanowo, mulitumize m'magulu a WhatsApp a kutchalitchi ndi kuntchito.

Ine poyamba ndinayesa kugulitsa mandazi panja nyengo yomweyi. Mphepo ya kunyanja ndi mvula zinabalalitsa anthu ola lisanakwane, ndinabwerera nawo kunyumba mtima ukuwawa. Chaka chimene ndinathamanga, ngakhale anzanga a kuntchito amene sadziwa kumene kuli Malawi anasonkha, chifukwa ankandiona ndikukonzekera kwa miyezi itatu. Mandaziwo musawasiye, kagulitseni mu holo ya tchalitchi mapemphero akatha.

Ndalama zikadzera ku bungwe lachifundo lolembetsedwa ku Britain, dongosolo la boma lotchedwa Gift Aid limawonjezera mapeni 25 (25p) pa paundi iliyonse ya munthu wokhoma msonkho. Za zimenezi funsani akauntanti kapena bungwelo. Kusonkhetsa mumsewu kumafuna chilolezo cha khonsolo. Ngati muli ndi BP kapena shuga, kaonaneni ndi dokotala musanayambe kuthamanga.