Pepala la m'mota si pepala wamba, achimwene

Achimwene, mmisiri wokulunganso mawaya amene akukuuzani kuti pepala lililonse likhoza kulowa m'maslot (timipata mogona mawaya) a mota yamagetsi yanuyo, kalandeni motayo lero lomwe. Ine anandiuza mawu omwewo, ndipo mpaka pano ndikamva fungo la vanishi wopsa mtima umandiwawa.

Yanga inali ya chigayo, 30 kW, three phase. Inapsa mu Meyi, anthu atangokolola, nthawi imene chigayo chimabweza ngongole za chaka chonse. Ndinaipereka kwa munthu wina kuti aikulungenso mawaya, iye analonjeza masiku atatu, mtengo wotsika. Anaibweretsa ili phuliphuli, ataipenta kunja. Inagaya masabata awiri okha. Loweruka m'mawa amayi ali ndandanda mpaka kumsewu, malichero ndi mabeseni a mphale yonyowa, ena atayenda wapansi kuchokera kutsidya kwa dambo, komanso matumba anayi a pamaliro amene ankafunika masana omwewo. Mota inayamba kung'ung'udza, kenako phuu! Utsi wakuda tolotolo m'nyumba monse. Mnyamata wogayitsa anathamangira kukazimitsa koma zinali zitatha kale. Mphale yonyowa sidikira mawa, imasasa. Ndinabweza ndalama kwa mayi mmodzimmodzi, manja akunjenjemera, ndipo gogo wina anangondiyang'ana nkusenza beseni lake osanena kanthu. Matumba a pamaliro aja ndinachita kulipira ngolo kuti akagayidwe kwina. Nsima pamaliro inachedwa chifukwa cha ine.

Titatsegula ndinafuna kulira. Pakati pa maphase, m'mitu ya makoyilo, munthu uja anaikamo katoni ya mafayilo a muofesi. Polumikizira mawaya anakulunga tepi yapulasitiki, yonse itasungunuka. Vanishi wake uja wa mipando, wopaka ndi burashi nkuyanika padzuwa. Mawaya amachita kugwedera ndi chala, ndipo waya akamagwedera amakhulana ndi mnzake, enamel (utoto wotchinga waya) nkusupuka, shoti nkubadwa. Choipitsitsa, pochotsa mawaya akale anaotcha stator (mbali ya mota yosazungulira, mokhala mawaya) pamoto wankhuni, moto umene umaononga zotchinga za pakati pa timalata ta core (chitsulo cha mkati mwa stator), nchifukwa chake inkatentha ngakhale isanayambe kugaya. Nditamufunsa akuti ndi vuto la magetsi. Munthu wopanda manyazi! Magetsi ndi amene anaika katoni? Foni anasiya kuyankha, ndalama yanga anadya, ndipo ndikumva kuti akulandirabe mamota a anthu.

Yang'anani pa nameplate, kachitsulo kolembedwa kaja ka pa mota. Pakalembedwa class F ndiye kuti zotchinga zonse ziyenera kupirira madigiri 155. Class A ndi 105, B ndi 130, H ndi 180. Pepala louma losanyikidwa mu vanishi limathera pa 90 basi. Ndipo kutentha kukapitirira malire ndi madigiri 10 okha, moyo wa zotchingazo umatsika ndi theka. Ndiye auzeni akuonetseni ndi maso anu: mapepala enieni a mota monga Nomex, kapena NMN, kapena DMD m'maslot ndi pakati pa maphase, sleeving (timapaipi tovekera waya) ya fibreglass polumikizira, mawedge otsekera maslot. Stator inyikidwe yonse mu vanishi wa mota, iotchedwe mu uvuni maola angapo mpaka vanishi aume gwa. Asanakupatseni ayeze ndi megger (makina oyezera zotchinga) pa 500 V inu mukuona, ikawerenga pansi pa 1 megohm musailumikize.

Langizo langa, musathamangire wotchipa, pitani ku workshop yaikulu yokhala ndi uvuni weniweni ndipo akulembereni risiti. Ngakhale kunena zoona amene anandipulumutsa ine ndi mdala wina wa pansi pa shedi, uvuni wake ndi mgolo, ndipo anandilipiritsa zochepa kuposa wakuba uja. Nomex ndinakagula ndekha, iye anayamba wayeza core kaye asanavomere ntchito. Motayo ikugaya mpaka lero. Mdalayo ndi amenenso anapeza kuti overload yanga (kachipangizo kozimitsa mota ikamakoka magetsi ambiri) inali yokwezedwa kupitirira ma amps a pa nameplate, ndipo anandikakamiza kuika phase failure relay (yozimitsa mota phase imodzi ikachoka), chifukwa phase imodzi ikachoka ngakhale Nomex imapsa. Onani kaye starter yanu (bokosi loyatsira mota) musanabwezeretse mota, achimwene, ndipo muzipemerera gaga amene amatseka kafani kumbuyoko sabata iliyonse.