Yambani ndi denga, pulasitala adikire

Bambo, mwafunsa poyambira kukonza nyumba yakale ya agogo anu ku Bembeke pomwe simenti yakwera mtengo chonchi. Yambani ndi denga. Malata akale ndi okhuthala, musawataye. Sinthani obowoka okha ndi mitengo yodyedwa ndi chiswe, kenako kumbani ngalande kuti madzi asamadikhe m'tsinde mwa khoma.

Za simenti musadandaule, njerwa zomangidwa ndi dothi siziifuna. Imatsekera chinyontho m'kati, ndiye ndi chifunga cha kuno ku Dedza njerwa zimafumbutuka, pulasitala n'kumatuka. M'malo mwa simenti, popanga pulasitala sakanizani ndowa imodzi ya laimu womangira, osati wa m'munda, ndi ndowa zitatu za mchenga wosefa. Nyowetsani khoma, matani mopyapyala kawiri, muziwaza madzi kwa sabata kuti lisang'aluke. Laimu amawotcha manja, valani magolovesi.