Mafunso a Owerenga: Kodi Ulumali Pawokha Umam'lowetsa Munthu pa Mtukula Pakhomo?

FUNSO: Akonzi, amuna anga, omwe ali ndi zaka 47, anadwala sitiroko chaka chatha ndipo mkono ndi mwendo wa kumanja zinafa, moti khasu sangaligwirenso ndipo ngakhale posamba ndimachita kuwathandiza. Tili ndi ana anayi, a zaka 20, 15, 11 ndi 6. Pamene kalembera ankachitika m'mudzi mwathu, bambowa anali atadwala kale ndipo mwana wamkuluyo anali akadali pakhomo, koma tsopano anakwatira ndipo ali kuchikamwini. Dzina lathu silinatuluke pa Mtukula Pakhomo. Kodi munthu waulumali sayenera kulandira ndalamazi? — Mayi wa ku Ntcheu

YANKHO: Mayi, pepani ndi matendawa, ndipo mwachita bwino kutchula zaka za ana anu, chifukwa yankho la funso lanu lagona pomwepo. Mtukula Pakhomo, amene anayamba mu 2006 m'boma la Mchinji ndipo anafika m'maboma onse 28 pofika mu 2018, si ndalama ya munthu waulumali payekha, koma ndi thandizo la khomo lonse. Malinga ndi malamulo amene ndondomekoyi inayamba nawo, khomo limayenera kukwaniritsa zinthu ziwiri nthawi imodzi: likhale losaukitsitsa, ndiye kuti lomwe nthawi zambiri limadya kamodzi patsiku, lilibe katundu wa mtengo ndiponso lilibe woliponyerako kangachepe kuchokera kwina, komanso likhale losowa manja ogwira ntchito.

Ulumali umalowa pa mfundo yachiwiriyi. Munthu wa zaka 19 mpaka 64 amawerengedwa kuti ndi wogwira ntchito, pokhapokha ngati ulumali kapena matenda amgonagona zamulanda mphamvuzo, pamene ana, okalamba ndi odwala otere amawerengedwa kuti ndi odalira ena. Khomo limatengedwa kuti likusowa manja ngati mulibe wogwira ntchito ngakhale mmodzi, kapena ngati wogwira ntchito mmodzi akusenza anthu opitirira atatu.

Tsono tiwerengere limodzi za pakhomo panu. Pa tsiku la kalembera, ogwira ntchito munali awiri, inu ndi mwana wanu wa zaka 20, ngakhale kuti mwina iye analibe chochita chenicheni kupatula maganyu a apo ndi apo, chifukwa lamuloli limayang'ana msinkhu ndi thanzi, osati ngati munthu ali pantchito. Odalira anali anayi: bambo ndi ana atatu aang'onowo. Anthu anayi kuwagawira awiri, aliyense akusenza awiri, ndipo apa n'kutheka kuti ndi pamene dzina lanu linagwera. Lero mwana uja anapita kuchikamwini, mwatsala nokha ndi anthu anayi pamutu panu, ndipo khomo lanu ladutsa malire a atatu aja.

Choncho musapite kukangonena kuti amuna anu ndi aulumali. Yambirani kwa a komiti ya Mtukula Pakhomo ya m'dera lanu, kenako ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku khonsolo ya boma lanu, ndipo mukafotokoze kuti zimene zinalembedwa m'kaundula zasintha. Tengani ziphaso za unzika, buku la kuchipatala la bambo momwe munalembedwa za sitirokoyo, ndi umboni wa amfumu woti mwana wamkulu anachoka pakhomo. Akakufunsani za bambo, nenani zooneka ndi maso: kuti nsima amadyera dzanja lamanzere, kuti sangamange okha mabatani a malaya, kuti popita kuchimbudzi amatsamira paphewa panu. Mawu akuti "akupezako bwino", omwe timayankha mwaulemu mlendo akafunsa za odwala, amatha kuchititsa kuti munthu wosagwira khasu alembedwe ngati wamphamvu.

Ndiyenera kukuuzani chilungamo kuti kukwaniritsa mfundo ziwirizi sikutanthauza kuti mwalowa basi, popeza ndondomekoyi inakonzedwa kuti ifikire makomo pafupifupi 10 mwa 100 aliwonse, ndipo malo ochepawo akupikisanirana ndi okalamba, ana amasiye ndi odwala. Kalembera wa dziko lonse wa 2018 anapeza kuti anthu pafupifupi 10 mwa 100 aliwonse a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali, kotero ambiri mwa iwo amatsala kunja. Kumbali yanga, ndimaona kuti kawerengedweka kali ndi mpata waukulu: mayi amene amatha theka la tsiku akusambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza wodwala amawerengedwabe ngati manja athunthu, chonsecho kumunda amafikako dzuwa litakwera kale, ndipo ndalama zoyendera kuchipatala mwezi ndi mwezi siziwerengedwa paliponse. Poyembekezera yankho, funsaninso a bungwe loona za anthu aulumali la MACODA, lomwe kale linkatchedwa MACOHA, za mafizo ndi zipangizo zothandiza bambo kuyenda.

FUNSO: Mchimwene wanga ali ku Johannesburg ndipo anaduka mwendo pa ngozi. Kodi angalandire ndalama za aulumali zimene boma la kumeneko limapereka? — Wowerenga wa ku Mangochi

YANKHO: Ku South Africa zinthu n'zosiyana, chifukwa bungwe la boma la SASSA limapereka ndalama kwa munthu waulumali mwini wake, wa zaka 18 mpaka 59, dokotala wovomerezeka ndi boma akatsimikiza kuti sangathe kugwira ntchito yodzipezera chakudya, ndipo akaona kuti zimene amapeza ndi katundu wake sizikupitirira malire oikidwa. Ulumali ukaoneka kuti ndi wa kanthawi, ndalamazo zimaperekedwa kwa miyezi 6 mpaka 12, ndipo nthawiyo ikatha munthu amapemphanso.

Chomwe chingamutsekereze mchimwene wanu ndi mapepala. Olandira amayenera kukhala nzika za dzikolo, othawa kwawo ovomerezeka, kapena alendo okhala ndi chilolezo chokhazikika, omwe ufulu wawo unatsimikizidwa mu 2004 ndi khoti loona za malamulo aakulu a dzikolo pa mlandu wa Khosa, wokhudza anthu ochokera ku Mozambique. Wokhala ndi chilolezo cha ntchito chokha, kapena wopanda mapepala, salandira. Koma ngati ngoziyo inachitika ali pantchito, afunse za chipepeso cha ovulala pantchito pansi pa lamulo la COIDA la 1993, ndipo asunge bwino makalata onse a kuchipatala ndi chilichonse chosonyeza amene anamulemba ntchito.