Kodi Kuyamika Mulungu ndi kwa Opeza Bwino Okha?

Mdzukulu wina, amene analemba mayeso a Fomu 4 koma ntchito sanaipezebe, wandifunsa funso lomwe ndikudziwa kuti likuvutitsa achinyamata ambiri. Akuti: "Agogo, kutchalitchi amatiuza kuti tiziyamika Mulungu tsiku lililonse, koma amene ndimawaona akuyamika ndi omwe agula galimoto kapena apeza mwayi wopita kunja, ndipo amalemba pa Facebook kuti Mulungu ndi wabwino atatsamira galimotoyo. Nanga ine amene ndikudyabe kwa makolo ndiyamike chiyani?"

Mdzukulu wanga, sindikukudzudzula chifukwa cha funsoli, koma ndikuona kuti wasokoneza kuyamika ndi kudzionetsera. Pa Luka 18 Yesu anasimba za Mfarisi amene pemphero lake m'Kachisi linayamba ndi mawu oyamika, koma chomwe ankayamikacho chinali chakuti iye sanali ngati anthu ena, makamaka wamsonkho amene anaima patali akudziguguda pachifuwa. Amene anapita kwawo atayesedwa wolungama anali wamsonkhoyo. Sindikunena kuti aliyense wojambulitsa ndi galimoto yake ndi Mfarisi, pakuti za mumtima mwa munthu amazidziwa ndi Mulungu, koma usatenge zithunzizo ngati muyeso wa kuyamika kwako.

Makolo athu ankaphunzitsa mwana kulandira chinthu ndi manja awiri, kugwada kapena kuwomba m'manja, ngakhale chinthucho chikhale kachidutswa ka nzimbe. Munthu akakuthandiza kupalira, akakubwereka mphika waukulu pa chinkhoswe, kapena akagona nawe pa siwa, sunkangothokoza pomwepo n'kuiwala, koma mawa lake unkalawirira kupita pakhomo pake kukanena kuti zikomo chifukwa cha dzulo. Khalidwe lobwerera kwa wokuthandiza ndi lomwe Yesu analifunafuna pa Luka 17. Akhate khumi anachira ali m'njira kupita kukadzionetsa kwa ansembe, koma amene anabwerera kudzagwa pamapazi ake anali mmodzi yekha, ndipo anali Msamariya. Ine sindiganiza kuti asanu ndi anayi aja anali anthu oipa mtima. Anali ndi abale oti akawaone, anali ndi moyo woti akauyambenso, ndipo anangotanganidwa ndi mphatso mpaka anaiwala Wopatsa. Umu ndi momwe ambiri a ife timachitira tsiku ndi tsiku.

Pa maganizo ako akuti kuyamika ndi kwa opeza bwino, Malembo amanena zosiyana kwambiri. Pa Deuteronomo 8 Mose analamula Aisraele kuti akadya n'kukhuta azilemekeza Yehova, ndipo anawachenjeza kuti akadzamanga nyumba zokongola, ziweto n'kuswana, adzayamba kunena kuti chumacho achipeza ndi mphamvu ya dzanja lawo. Choncho amene ali pa ngozi yoiwala Mulungu ndi wokhuta, osati wanjala. Werenganso Machitidwe 27, pomwe Paulo anali m'ngalawa ya anthu 276 imene inakankhidwa ndi namondwe kwa masiku 14. Iye anatenga mkate n'kuyamika Mulungu pamaso pa onse ngalawayo isanafike kumtunda, asanaone chipulumutso ndi maso ake.

N'chifukwa chake ndimalimbikira pa pemphero la pa chakudya, lomwe inu achinyamata mumalinena mothamanga dzanja limodzi lili kale m'mbale. Nsima imene ukuidya kwa makolo akoyo yadutsa m'manja ambiri isanafike pa mphasa. Wina anaunga mizere dzuwa likuswa mtengo, wina anasowa tulo posaka feteleza, mvula inagwa popanda munthu woilipira, wina anatonola chimanga, wina anasenza thumba kupita kuchigayo, ndipo mayi ako anatsokomola ndi utsi akuvundula. Ukamapemphera uzitchula zinthu zimenezi ndi maina awo, chifukwa munthu amene amangoti zikomo pa zonse, kawirikawiri sakumbukira ngakhale chimodzi. Ukatha kudya uzithokozanso wophikayo. Ndaona abambo ena amene amapemphera mokweza mawu pa chakudya, kenako n'kuyamba kukalipira akazi awo kuti ndiwo zachepa mchere, ndipo ana amene amakula akuona zimenezi amaphunzira kuti pemphero ndi mwambo chabe.

Usandimve molakwa, ngati kuti Mkhristu saloledwa kulira. Dziko lino linaona njala ya 1949 ndi ya 2002, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakwirira mabanja ndi matope ku Chilobwe mu Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Munthu amene waika ana ake m'manda sitimuuza kuti asekerere, ndipo Masalimo ambiri ndi madandaulo a anthu amene ankafunsa Mulungu kuti adzakhala chete mpaka liti. Koma mneneri Habakuku, kumapeto kwa buku lake, anayamba wawerenga zonse zimene zasowa, mkuyu wosaphuka, minda yopanda chakudya, makola opanda ng'ombe, kenako n'kunena kuti adzakondwerabe mwa Yehova. Sanabise vuto, ndiponso sanalole kuti vutolo limutseke pakamwa. Iwenso ukhoza kumuuza Mulungu mosabisa kuti ulova wakutopetsa, ndipo m'pemphero lomwelo n'kumuyamika chifukwa cha thanzi limene likukulola kuyenda kukafunsira ntchitoyo.

Chaka chilichonse tikakolola, mipingo yambiri imachita Masika. Pa Sabata limenelo kutsogolo kwa tchalitchi kumadzaza matumba a chimanga, maungu, mitolo ya nzimbe, madengu a mtedza ndi nkhuku zomangidwa miyendo zimene zimalira m'kati mwa nyimbo. Anthu amayang'ana kwambiri wobwera ndi ngolo, koma ine maso anga amakhala pa mayi wamasiye amene amabwera ndi kambale ka nyemba atakavundikira ndi nsalu, chifukwa nyembazo wazichotsa pa ndiwo za ana ake. M'chaka cha chilala zopereka zimachepa, koma anthu otere sasowa pa mzere.

Iwe ulibe munda wakowako, ulibenso malipiro, koma uli ndi manja ndi nthawi yochuluka kuposa ya munthu wapantchito. Mvula ikayandikira upemphe bambo ako mizere ingapo kumapeto kwa munda, udzalemo maungu kapena nyemba, uzisamalire wekha, ndipo zoyamba kucha udzapite nazo ku Masika ndi manja ako. Ngati ngakhale zimenezo zakanika, lawirira pa tsikulo ukasenzere agogo a m'mudzi mwanu katundu wawo mpaka kutchalitchi.